Chithunzi cha Jaji Bascombe Chavindikira Mgolo

Lachiwiri pa 9 Meyi 1978, antchito a khonsolo ya tauni yathu ya Port Celestine anachotsa chithunzi cha malemu Jaji Theophilus Bascombe pakhoma la khoti. Ndinachipeza ndekha kuseri kwa nyumbayo atavindikira nacho mgolo wa madzi, nkhope itayang'ana pansi. Nditafunsa, wapampando wa khonsolo, a Lennox Charlery, amene ndinawaona ndi maso angawa akadali ndi mamina, anati munthuyo anali galu wa atsamunda. Ine Ignatius Frederick ndinali mlembi wa khotilo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ndili nawo mawu.

Matenda a Jaji Bascombe chilumba chonse chinkawadziwa: sankakhulupirira chinthu chimene phazi lake silinapondepo. Mboni ikangotchula khola, mlatho kapena mtengo, iye ankatseka buku n'kunena kuti, "Tiyeni tikaone." Basi khoti lonse linkanyamuka. Iye patsogolo atakwera bulu, wigi kumutu, mkanjo wakuda ukukoka zisoso. Pambuyo maloya, apolisi, woimbidwa mlandu, ndi ine nditasenza inki ndi mabuku. Mapeyala asanu ndi awiri a nsapato zanga anathera m'matope chifukwa cha munthu ameneyu, mwana wa wosoka nsapato, ndipo sanapepesepo. Sindinamukhululukire. Koma imeneyo ndi ya ine ndi iye, khonsolo siyikukhudzidwa.

Khalidweli analiyamba akadali loya, atangobwera kuchokera ku maphunziro ku London. Ankaimira Fitzroy wophika buledi, chimunthu chokhala ngati ng'oma, amene apolisi ankati analowera pazenera la sitolo n'kuba nsomba yamchere. Bascombe anapempha kuti khoti lipite kusitoloko Fitzroy akalowenso onse akuona. Mutu unalowa, mapewa analowa mokakamiza, mimba inakana. Kubwerera kunakanikanso. Woweruza wa tsikulo, mzungu wa thukuta lambiri, anapereka chigamulo kwa mbali imene inatsala panja.

"Bwana loya, tizipita?" anafunsa Fitzroy ali m'katimo.

"Ife tizipita. Iwe dikira kalipentala."

Atakhala jaji zinangokula. Anatiwolotsapo mtsinje wodzaza pa mlandu wa mbuzi imodzi. Anakwezapo mkulu wa apolisi mumtengo wa mango kuti ationetse mmene anaonera ndewu kuseri kwa tchalitchi, ndipo bamboyo anatsika ataona masamba okha. Sindikunena kuti anali mngelo. Analumbira kutumikira Mfumu ya ku England ndipo anaitumikiradi. Msuweni wanga anam'tsekera miyezi itatu, ngakhale kuti msuweniyo, kunena zoona, nkhumba ija anaibadi.

Tsono mu 1946 kunabwera mlandu wa Ma Zabette, mayi wamasiye, ndi Mejala Winslade, mzungu mwini munda waukulu wa koko. Mejala ankati malire ndi mzere wa zitsamba zofiira zija timadzala m'malire, ndipo zitsambazo zinalidi pamene iye ankaloza, pafupi ndi khitchini ya mayiyo. Anali ndi mapu, loya wochokera kulikulu, ndi mboni zisanu. Ma Zabette anali ndi pakamwa pokha. Ankati zitsambazo zinasendera pamene iye anali m'chipatala.

Titafika kuphiri kumene kunali mindayo Jaji sanayang'ane mapu. Anapempha khasu. Atakumba kawiri wigi inagwa m'dothi.

"Bwana Jaji, khasu saligwira ngati cholembera," anatero Ma Zabette.

"Mayi, ku London chimenechi anaiwala kutiphunzitsa."

Mayiyo analanda khasu n'kukumba yekha. Mizu ya zitsamba za Mejala, zimene ankati anadzala ndi bambo ake, inali ngati tizala ta khanda. Kenako Jaji anatiyendetsa chokwera, m'kati mwa koko wa Mejala, maso ali pansi. Chitsamba chimenechi tonse tikudziwa kuti kuchidula si kuchipha. Pa mapazi makumi anayi tinapeza zitsa zakale zitafoleratu mzere, mizu ngati mkono wanga, zikuphukira timasamba tofiira. Chigamulo chokomera Ma Zabette anachiwerengera pomwepo, Mejala ataima padzuwa, ndipo ine ndinachilemba nditatsamiza buku pamsana wa bulu.

Pambuyo pake Bwanamkubwa sanamuitanenso ku phwando lililonse. Mpando wa Jaji Wamkulu unapezeka wopanda munthu katatu, katatu konse anam'dumpha. Anakalambira m'kakhoti kathu komweka, ndipo sindinamumvepo akudandaula, kupatula za bondo.

Masiku ano milandu imatha isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Oweruza ake ndi ophunzira bwino, ndi athu, nsapato zawo n'zowala. Amagawa minda imene sanaionepo. Anthu a kumapiri amatsika, amamvera, amabwerera osamvetsa chimene chawachitikira, ndipo palibe amawatsatira kukaona. Ndikakhala pabenchi ya kumbuyo ndimapezeka ndikudikira phokoso la buku likutsekedwa.

A Charlery, Ma Zabette anali agogo anu obereka mayi anu. Nyumba imene munabadwira ili pa mapazi makumi anayi amenewo. Mvula iyamba mwezi wamawa, ndipo utoto wayamba kale kusupuka pachibwano. Analamula kuti chithunzicho chichotsedwe ndani, ndipo chibwerera pakhoma tsiku liti? Ndiyankheni polemba, m'nyuzipepala muno, dzina lanu lili pansi.