Kawaya ka Mkamwa mwa Rosita

Lolemba
Rosita, mwana wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri, wabwerako ku Tete ali ndi chitsulo mkamwa! Dzino lake lakumapeto linabowoka, mlongo wanga anapita naye kwa dotolo, analizula. Pampatapo aika kamphete ndi kawaya, akuti kasunge malo mpaka dzino lachikulu limere. Popanda kawayako mano oyandikana amasendera, ngati mmene a Fulaye amasendezera malire a munda wanga chaka ndi chaka.
Zoletsedwa: nzimbe, chimanga chootcha, maswiti omata.
Ndalamula kuti pakhomo pano tonse tisale, mwana asamasirire.
Ndikumuona atakula, mano ali mbee, akuwerenga nkhani pa televizau, kwathu ku Mualadzi anthu onse atadzaza pabaraka yogulitsira zakumwa kumuonera.

Lachiwiri
Anthu akubwera kudzasuzumira mkamwa. Amayi ena a kutchalitchi akuti, "Nanga mphezi ikamadutsa siimuona?" Ndawafotokozera ngati dotolo ndine.
Kumunda mondokwa wakhwima. Fungo la wootcha wa kwa a Fulaye likundipeza ndikupalira. Ndikumeza malovu, ndikuganiza za diresi lobiriwira lomwe adzavale pa televizau.

Lachitatu
Ku shikola ana akuima pamzere kuti akhudze kawaya. Apulofesola omuphunzitsa anditumizira mawu: mwana sakutseka pakamwa. Lilime lake nalo silikupuma, likungokankha kawayako.
Mwina ayambe ndi wailesi. Kumeneko mano saoneka kwenikweni.

Lachinayi
Afika alamu anga a ku Nsadzo panjinga, kumbuyo mtolo wa nzimbe! Mphatso ya mlamu sabweza. Ndaimika mtolowo kuseri kwa nkhokwe, ndauza onse kuti ndi mitengo yomangira khola.
Rosita wauyang'ana nthawi yaitali. Ine ndauyang'ananso.

Lachisanu
Mtolo wachepa. Ndapeza amake Rosita kuseri kwa nkhokwe, tsaya lili tuu. Akuti dotolo sanaone mkamwa mwawo. Ndatenga mfundo imodzi kuti ndimve ngati zili zakupsa. Kenako ina. Takhala pamenepo awiri, kuyang'ana mitambo, kukambirana nyumba ya malata imene Rosita adzatimangire, ya khonde loyang'ana kuphiri.
Titatembenuka, mwininyumbayo, Rosita, ali chilili kumbuyo kwathu.

Loweruka
Kawaya kulibe! Mkamwa mwangotsala mpata, mofiira ngati chisa chopanda dzira.
"Ababa, kanatuluka kokha," akutero, manja akumata.
Tafufuza: pamphasa, m'phulusa, muzotafuna zonse za nzimbe zomwe zili mulu kuseri kwa nkhokwe. Amake akuti mwina wameza. Alamu akukayikira tambala, agwira kale mpeni. Takapeza dzuwa likupendeka, kali m'kachidutswa ka nzimbe, kopindika ngati mbedza. Alamu akuti akawongola ndi pulayala ya njinga. Ndakana. Tambala wafabe.

Lamulungu
Ndakwera pachulu kusaka netiweki, ndaimbira mlongo wanga. Akuti tisayerekeze kukabwezera tokha, mwana abwererenso ku Tete akamuyezenso. Ulendo umenewo mpaka titakolola. Mano adikira kapena sadikira, sindikudziwa. Kutchalitchi ndawapempherera kuti aliyense akhale pamalo pake.
Kawaya ndakakulunga pakansalu, ndakapanikiza kudenga.
Madzulo ano ndathyola mondokwa zisanu, ndakoleza moto ndekha. Ndamuuza Rosita kuti azitafunira mbali inayo. Wavomera ndi mutu, masaya onse awiri ali odzaza.