Apozi wa a Pettifer

Ayi iwe Sibyl, sanali amisala! A Ambrose Pettifer anangolumbira kuti satulutsa m'Chingerezi chinthu chimene sanachiyese okha. Nchifukwa chake buku lija ankamasulira kuchokera m'Chilatini, la Mroma wina wakalekale wa zaulimi, linawatengera zaka makumi awiri. Akazi awo, mayi Dorcas, ndiwo anaona zakuda.

Mroma akuti atsekwe amalondera nyumba kuposa galu. Basi, a Pettifer anagula asanu. Tsiku lomwelo abusa athu anapezeka pamwamba pa mpanda, mkanjo utang'ambika!

"Chotsani zilombo zanuzi, a Pettifer!"

"Dikirani kaye abusa, ndilembe. Zakujomphani kangati?"

Mroma akuti kabichi amathetsa kuledzera. A Pettifer anapapira mowa masanasana, n'kudya kabichi wathunthu. Mayi Dorcas anakawavuula m'ngalande.

"Nkhalamba yopanda manyazi inu, ndiye mwapeza chiyani?"

"Ndapeza kuti apa Mroma ananama, mayi. Patseni nthenga yolembera ija ndilembe m'mbali mwa bukumu."

Koma tsamba lomaliza, eee! Limati apozi wotsekemera ukhoza kumumezanitsa pachitsa cha wakutchire, wowawasa uja. Tsambalo analimasulira, n'kulitsekera m'bokosi, kiyi m'khosi. Ndiye anamezanitsa, ali okalamba kale, akutsokomola. Wosindikiza wa ku London ankangolemba makalata kuti popanda tsambalo buku silituluka.

"Tangotumizani, bambo," ankachonderera mayi Dorcas. "Adzadziwa ndani?"

"Ine. Silichoka muno ndisanalawe."

Zaka zitatu a Pettifer ankakhala pampando pafupi ndi kamtengoko, n'kumakakalipira m'Chilatini kuti kafulumire. Kanachita maluwa chaka chino. Iwo anamwalira maluwawo asanayoyoke.

Mumsewu mwathu muli zii tsopano. Ngakhale atsekwe aja sathamangitsanso munthu. Tonse tinkati mayi Dorcas angotumiza tsambalo, poti kiyi ali nayo. Ayi ndithu! Iwo omwe ankanyoza aja akhala miyezi yonseyi pampando womwe uja, tsache kumanja, kupirikitsa mbalame.

Dzulo anathyola apozi woyamba. Analuma, n'kutafuna nthawi yaitali, ife tikusuzumira kumpanda. Kenako anapukuta m'maso ndi epuloni.

"Ngotsekemera, bambo," anauza mpandowo. "Nkhalamba yamakani inu, ngotsekemera."

N'kuvula kiyi ija m'khosi.

Ngolo ya ku London inyamuka Loweruka m'mawa ndi tsambalo. Ubwere msanga, Sibyl, tikawaperekeze mayi Dorcas kungoloko. Akuti atipatsa apozi mmodzi tigawane, koma uvale nsapato zazitali, atsekwe angayambirenso!