Matabwa a M'dambo Lotetezedwa

Pulaniyo inabadwira pa bala, ndipo mwini wake anali Injiniya, munthu amene chibadwire sanamangepo ngakhale khola la nkhuku.

"Aise, m'dambo lotetezedwa lija muli mlatho wa matabwa woyendapo alendo oona mbalame," anatero. "Matabwa opalapala kale, angogona pamatope. Kumeneko si kuba, n'kutola."

Msomali, kalipentala wopanda thabwa ndi limodzi lomwe, anatchera khutu. Mkazi wake anali atamuuza mosapsatira kuti mwezi ukatha akugonabe pansi, abwerera kwa amayi ake. Msomali ankamukonda mkaziyo, ndipo mawuwo ankamusowetsa tulo kuposa simenti imene ankagonapo.

"Nanga mlonda?" anafunsa Chimimba, amene ankatengedwa pa dilu iliyonse chifukwa cha mphamvu basi.

"Nzeru zagona pamenepo," anayankha Injiniya. "Tizizula matabwa kumbuyo kwathu n'kumapita nawo kutsogolo. Mlonda atitsatira poponda pati? Tikatulukira tsidya linalo, mlamu wanga akatipeza ndi lole."

Onse anavomera kuti Injiniya ndi shasha.

Analowa m'mawa kuli nkhungu, tsiku limene malowo satsegula. Msomali ankazula, Chimimba ankasenza, Injiniya ankaloza. Thabwa lililonse Msomali ankalisisita, n'kumaona kale miyendo ya bedi. Misomali yopindika ankaiponya m'thumba, poti kalipentala sataya msomali.

Dzuwa litakwera nkhungu inabalalika, ndipo mlatho unathera pa kanyumba kobisalamo anthu oona mbalame. Kutsogolo kunali ndere, timitengo tofupika ta maluwa ofiirira, ndi madzi akuda bii. Msewu kunalibe.

"Amwene, tsidya lija lili kuti?" anafunsa Msomali.

"Tsiku limene ndinabwera kudzazonda ndinabwerera pakati. Udzudzu," anayankha Injiniya. "Koma mlatho umayenera kukhala ndi tsidya. Alakwitsa ndi omanga."

Chimimba anaona pobiriwira ngati bwalo la mpira, n'kupondapo. Dambo linamulandira mpaka m'chiuno. Atamukoka, linam'bweza koma nsapato ndi buluku linasunga.

Apo m'pamene anamva kukhosomola kwa chimkuzamawu. Kumene anayambira kuja kunali mlonda, mayi wachikulire, atakhala pampando ndi kapu ya tiyi, apolisi awiri ataima pambali pake.

"Abambo, musapondenso ndere, imachedwa kumera," anatero mayiyo. "Njira ndi yomwe mwadzera. Ndipo mukhomerere bwino, mawa kukubwera ana a sukulu."

Anayamba kubwerera. Chimimba ankasenza atamanga malaya m'chiuno, Injiniya ankalozabe. Msomali ankawongola misomali pamutu wa nyundo n'kukhomerera bedi lake thabwa ndi thabwa, kulowera kwa apolisi. Mtima unkamuwawa, koma manja anakana kugwira ntchito yosalongosoka. Thabwa lina limene analipeza likugwedera analikonzeratu.

Mlonda anapondapo, n'kudumphapo pang'ono.

"Tsopano thabwali silikuliranso," anatero, n'kutembenukira kwa apolisi aja. "Atengeni."

Tsiku lotsatira mkazi wa Msomali anabwera kupolisi. Anasuzumira m'chitokosi, n'kuyang'ana benchi la matabwa limene mwamuna wake anagonapo.

"Mwagona pamenepo?"

"Eya, mayi."

"Pamwamba ndithu, osati pansi?"

Msomali anavomera ndi mutu.

"Ndiye inu zanu zayenda," anatero mkaziyo, akunyamula chikwama chimene chinali kale chomangamanga. "Mukatuluka, kwa amayi mukukudziwa. Musabwere chimanjamanja."