Tsiku limene bokosi la amuna anga linagogoda

Amene akuti mkazi sangalowe kunsi kwa galimoto abwere kuno andiyang'ane m'maso. Inu amene mumaseka kumjigo, mukuti amake Esnati ndi abodza, munalipo kodi? Munali kuti chaka cha chimanga chachikasu, tsiku limene tinanyamula mtembo wa amuna anga, aFakisoni, kuchokera kuchipatala ku Mpanshya kubwera nawo kuno ku Chinyunyu?

AFakisoni anali makanika wa m'mbali mwa msewu, ndipo zaka zinayi wowapatsira masipanala ndinali ine. Anadwala, anawonda, n'kupita. Achibale awo anabwereka vaneti yotopa, bokosi pakati, ife khumi ndi anayi mozungulira, ine kumutu monga namfedwa, Esnati wa miyezi isanu ndi iwiri ali kumsana. Mlamu wanga ba Layitoni anali atatuta kale zitsulo zonse za m'bale wawo munthu akadali kupuma.

Msewu wa masiku amenewo simuudziwa inu. Maenje ake anali oti basi ikalowamo m'mawa imatuluka madzulo, okwera atamera imvi. Tinagwera m'limodzi lotero, ndipo titangotuluka chinayamba: gu! gu! gu! Nyimbo ya maliro inaduka pakamwa. Tikakhota, gu! Tikaponda mwala, gu-gu! Apongozi anaika khutu pabokosi, nadzuka maso ali psu.

"Mwana wanga akugogoda. Akukana kuyenda ndi amene anamudya."

Palibe anatchula dzina, koma maso onse anagwera ine. Mukudziwa mmene timakhulupirira: maliro akavuta panjira, ndiye kuti malemu ali ndi munthu amene akumuloza. Ba Layitoni anamenya denga, dalaivala anaima.

"Mulamu, tsikani. Mwana mutisiyire, ndi magazi athu. Inu mubwere wapansi, ngati mubwere."

Apongozi anali atayamba kale kumasula mfundo ya chitenje changa.

Mukumva? Kugogoda kumeneko ine ndinkakudziwa ngati chifuwa cha mwana wanga. Kutsogolo kwa galimoto, kunsi, kuli chitsulo chopingasa chimene amati sitabilaiza, choletsa galimoto kupendama pokhota, ndipo nsonga zake ziwiri zimagwidwa ndi timabawuti tovala mphira, amati malinki. Kamodzi kakaduka, chitsulo chimamenya. Ndinawauza. Dalaivala anaseka, ati jeke alibe, sipanala alibe, ndiponso namfedwa ntchito yake ndi kulira.

Ndinamanga mfundo ija kawiri n'kulowa kunsi ndi mwana yemwe. Tsono mverani, ndipo ngati ndikunama mphezi indipeze dzuwa likuwala: ndinaika msana pansi pa injini n'kuinyamula vaneti yonse, bokosi, apongozi, olira onse ndi thumba la ufa wa pamaliro, mpaka mateyala akutsogolo anayamba kuzungulira okha m'mwamba, uku Esnati ndamutembenuzira kutsogolo akuyamwa osadziwa kanthu, ndipo nditaona kuti linki ya kumanzere yaduka pakati ndinatambasula mkono kuchokera pomwepo, kudutsa mapiri onse, mpaka pamlatho wa Luangwa, n'kuzulako bawuti imodzi olondera akuyang'ana kumbali, ndipo poti inabwera yokhota ndinaiwongola ndi mano, mano omwewo n'kuluma teyala la sipeya zidutswa zinayi, n'kuziboola pakati ndi kachala kakang'ono aka. Mukukaona?

Musaganize kuti ndinangosomeka chisomekere. Washala, mphira, mkono wa teyala, mphira, kapaipi, mphira, sitabilaiza, mphira, washala, pamwamba nati. Chitsulo chinakana kutsika kuti chikumane ndi bawuti, ndiye ndinachiponda ndi chidendene mpaka chinalira ngati ng'ombe yophedwa, anyani onse a m'phirimo n'kuthawira ku Shikabeta, ndipo ena sanabwerere mpaka lero. Kenako ndinatsitsa galimoto pansi, pakuti aFakisoni ankati linki sumanga galimoto ili m'mwamba, uimange itasenza katundu wake, ndipo usafinye mphira mpaka kutuluka mimba. Katundu wake tsiku limenelo anali iwowo. Ndinapotokola nati ndi zala ziwiri mpaka utsi. Ndinakwawiranso ku linki ya kumanja kukaimanga, chifukwa ziwirizi zimatha motsatana ngati anthu a nyumba imodzi.

Tinanyamuka. Dalaivala anayamba kufuna maenje dala, apongozi khutu lili pabokosi. Zii. Tinakhota, tinatsika chitunda, tinaponda miyala, zii. Ba Layitoni anayamba kuwerenga mitengo ya m'thengo. Palibe anakhudzanso chitenje changa, ndipo Esnati ndi uyo mukumuona wayamba giredi wani, akudya m'mbale yanga.

Chabwino, lekani kundiyang'ana choncho. Vaneti sindinainyamule. Ndinagona chagada pafumbi, mwana ndamupana pachifuwa ndi chigongono kuti asandilande. Bawuti sinachokere ku Luangwa, inali m'thumba la ovolosi ya aFakisoni, m'kamtolo ka zovala kamene ndinatuluka nako kuchipatala, pamodzi ndi sipanala imodzi imene mlamu sanaione. Mphira ndinadula kupatapata yanga, ndipo kumanda ndinapita phazi limodzi lili pansi.

Koma ichi sindinauzepo munthu. Chitangoyamba kugogoda, ndisanakumbukire za linki, nanenso ndinakhulupirira kuti ndi aFakisoni. Ndinati anangokomoka, adzuka, tsopano atsegula bokosi afunse madzi. Kuchokera padzenje paja mpaka pamene vaneti inaima, ndinali ndidakali mkazi wa munthu. Ndine ndemwe ndinalowa kunsi ndi manja angawa n'kuwatontholetsa. Mwana ndinatsala naye, inde. Koma msewu wonse wotsalawo ndinatchera khutu kuposa apongozi, ndipo ntchito yanga inali yabwino. Sanagogodenso.