Pepala la a Dokotala ndi Lole ya Amalume

Ndinatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu chifukwa cha kapepala kochepa ngati chikhatho, koma musayembekezere kuti ndilira pano.

Kusukulu kwathu ku Limbe kunabwera bambo wina wa ku yunivesite, a Dokotala (osati obaya jakisoni, a mabuku). Ankafufuza ngati utsi wa ndege ukudwalitsa anthu chifuwa. Anapachika mapepala oyera opaka mafuta pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, lina pakhonde la Fomu 3 yathu, kuti aziyerekeza. Lachisanu lililonse ankabwera kudzasintha, n'kumaliyang'anitsitsa ngati kalata ya chibwenzi.

Lathulo linkangokhala mbee. Ndinawamvera chisoni.

Ndiye ndinapita nalo kwathu ku Kanjedza, n'kulitchera kumbuyo kwa lole ya amalume akuiliza m'mawa, kenako n'kulibwezera. Linada pang'ono. A Dokotala anapukuta magalasi. Sabata yotsatira ndinawonjezera. Yachitatu (apa ndiye ndinanyanya) ndinapempha amalume aponde mafuta, ati ndimve injini. Pepala linatuluka lili bii.

Lolemba pa asembule a Dokotala anafunsa, "Alipo amene akutsokomola?" Ndinayambitsa ndine. Fomu 3 yonse inavomera ngati kwaya.

Ahedi thukuta kamukamu. "A Dokotala, chonde musakalembe kuti mpweya wa kuno ndi woipa. M'dziko muno mulibe choipa. Mukufuna aboma adzatitenge tonse?"

Chinandigwiritsa ndi chala changa chachikulu. Chinadinda pamafuta a pepala lija, chipsera cha mpeni n'chomwe. Ahedi anayendera manja athu mmodzimmodzi.

"Iwe! Katenge mabuku ako, usadzapondenso pano."

Amayi ndikawauza chiyani?

"Dikirani, ahedi," anatero a Dokotala. "Mphwanga, utsiwu unautenga kuti?"

"Kulole ya amalume."

"Unalisiyapo nthawi yaitali bwanji?"

"Ndinangowerenga mpaka teni."

"Teni basi?" Anayang'ananso pepala lija. "Nanga amayi ogulitsa mandasi padepoti aja, amene amakhala kumbuyo kwa mabasi tsiku lonse?"

Anachonderera ahedi kuti andisiye kaye, iwo n'kukapachika mapepala padepoti ya Limbe. Mapepalawo anada okha, popanda thandizo langa! Atabwerera, a Dokotala anauza ahedi kuti, "Ine maso anali kumwamba, mwana uyu wandionetsa pansi. Musamuchotse."

Ndinangolandira zikoti zinayi ndi kutchetcha bwalo la mpira. Pano ngakhale a Fomu 4 amanditcha Pulofesa.

Amayi akuti akhulupirira kuti ndatengapo phunziro. Ndatengapodi: pepala la mafuta uziligwira m'mbali.