Tambala Wanga wa Kansilanga kwa Apongozi

Nkhani iyi ndimaibisa ngati chigamba cha kumbuyo kwa buluku, koma lero imveni, museke, mundisiye.

Malemu mayi anga ku Chiosya ankaweta nkhuku za kansilanga, zija za nthenga zotembenuka ngati zagwidwa shoko ya magetsi. Chitopa chitadutsa, zonse psiti! Chimwalirireni mayi, tambala akalira m'mawa ndimasuzumira pabwalo, mwina ndionako imodzi. Koma ayi. Masiku ano n'zoyera zokhazokha, zonenepa ngati mapilo, zosadziwa n'kupalasa komwe.

Ndinamanga khola lamalata, lokongola kuposa nyumba yanga. Zaka ziwiri munkagona mphepo yokha.

Kenako ndinamva kuti kutsidya kwa bodala kuli munthu ali ndi tambala wa mtunduwo, mmodzi yekha. Ndinapalasa njinga mpaka matayala kuyamba kupempha chikhululukiro. Ndinamupeza! Wofiira, nthenga zili nyankhalala, fotokope ya tambala wa mayi anga. Ndinamugula pomwepo n'kumukumbatira ngati m'bale wochokera ku Joni.

Pobwerera dzuwa linali phwee, tambala ali wefuwefu. Ndinati ndipatukire kwa apongozi ku Mlonyeni kuti amweko madzi.

Paja mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake. Ndinanjuta chapatali, nkhope kumbali, tambala m'manja. Mlamu wanga Esinati anabwera n'kumulandira ndi manja awiri.

"Amayi! Alamu abweretsa ndiwo!"

Apongozi, ali kuseri kwa nkhokwe, anaomba m'manja. "Zikomo apongozi, mwatikumbuka."

"Kungoti... tambalayu ndi wosowa kwambiri," ndinatero, ndikuuza dothi.

"Mwamva amayi? Akuti ndi sipesho!"

"Ndamutenga ku Zambia. Pa njinga."

Nthungululu inalira mpaka agalu kudzuka. "Mpaka ku Zambia chifukwa cha ine nkhalambane? Mwana wanga anakwatiwa bwino!"

"Alamu," ndinanong'ona, "ine ndimafuna madzi..."

"Ali pamoto kale, inu khalani phee."

Ndani anauzapo apongozi ake kuti "bwezani"? Ndinangomva "kweee!" kuseri kwa khitchini. Posakhalitsa nthenga zofiira zopotana zinayamba kuuluka pabwalo, imodzi n'kudzatera pabondo panga.

Anandiikira chakudya m'nyumba ndekha, nthutumba ili pamwamba monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. Ndinadya misozi ili chuchuchu, ndikuwaona mayi anga akuwaza gaga pakhomo, tiana ta nkhuku tikuwakwera m'mapazi.

Esinati anasuzumira. "Tsabola wachuluka, alamu?"

"Eya, wachuluka."

Ndisaname, anali wokoma. Ndinapukuta mbale.

Potsanzika, apongozi analankhula ali kuseri kwa chitseko.

"Apongozi, mundikhululukire, ndinene mawu amodzi. Nditaziona nthenga zija mtima unandiwawa. Kansilanga weniweni! Mbewu imeneyi inatha kalekale kuno. Inu ana amakono, chinthu chotere n'chopereka ndiwo? Bwenzi mutaweta!"

"Ndamva, amayi," ndinayankha, ndikuombera m'manja.

Ukanyamula chamapiko, kwa apongozi uzingobayibitsa uli pa njinga.