Mimba ya ku Nyumba ya Malamulo

Nkhani iyi ndimafuna kupita nayo kumanda, koma poti ana a sukulu anaiwanditsa kale Mkanda yense, bola muimve kwa mwiniwake.

Sukulu yathu inakonza zoti ana a Sitandade 7 akaone Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Ine anandisankha kuti ndiwaperekeze, poti mwana wanga Tadala ali m'kalasi momwemo. Ndinaphika thobwa lamawere n'kulithira m'chigubu kuti ana akamwe masana.

Titafika pageti ndinaona apolisi ndi makina ounikira zikwama, kenako ndinamva kuti zakudya sizilowa. Ine ndinachitapo geni ya zitenje ku Chipata, ndipo ndimadziwa kuti wa yunifomu akati "siyani apa", katunduyo mwatsanzikana naye. Thobwa langa limwedwe ndi apolisi? Zosatheka!

Ndinabwerera m'basi n'kuchita zomwe tinkachita pa boda: chigubu pamimba, chitenje chomanga mfundo ziwiri, bulauzi pamwamba. Ndinatsika ndikuyenda chotangadza, dzanja lili m'chiuno. Aphunzitsi anangoyang'ana kumbali.

"Amayi, mwatani?" anafunsa Tadala.

"Tseka pakamwa iwe!"

Wapolisi wamkazi atandiona anamwetulira. "Pepani mayi, inu musavutike ndi mzere. Yatsala miyezi ingati?"

"Lero kapena mawa," ndinatero, osaganiza n'komwe.

Anandigwira mkono, n'kundikweza lifiti, n'kukandikhazika kutsogolo kwenikweni pamalo a alendo, pomwe aphungu amaoneka bwino m'munsi. Iyenso anakhala pambali panga. Ulemu wotere sindinaulandirepo chibadwire, moti ndinayamba kuumva kukoma.

Koma ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Ndinali nditaimbira alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga amene amakhala ku Area 25, kuti adzationere komweko. Anatulukira, n'kukhala mbali inayo, maso ali pamimba.

"Alamu," ananong'ona, "achimwene ali ku Joni chaka chachitatu chino osabwera. Izi ndi za ndani?"

Ndiyankhe bwanji wapolisi ali pomwepo?

"Tikambirana kunja, alamu."

"Palibe zokambirana. Ndikangotenga foni yanga pageti, ndikuwaimbira!"

Ndinachita mantha zenizeni. Banja langa lithe chifukwa cha thobwa?

Pamenepo n'kuti thobwalo litatenthedwa m'basi ulendo wonse, ndiye kuwonjezera kutentha kwa mimba yanga, linayamba kuwira. Ndinamva tsiii! Ndinatsokomola kuti anthu asamve. Tsiii! Kenako zinthu zofunda zinayamba kutsetsereka m'miyendo mpaka pa kapeti.

Wapolisi uja anadzambatuka. "Nthawi yakwana! Itanani ambulansi!"

"Ayi, ndili bwinobwino!"

"Onse amatero, mayi. Pumani pang'onopang'ono!"

Apolisi awiri anandinyamula, wina miyendo wina manja, ana onse akundiyang'ana, n'kukandigoneka m'khonde. Amayi ogwira ntchito kumeneko anandizungulira atatambasula zitenje. Alamu anga, ngakhale anali atakwiya, anagwada n'kuyamba kumasula mfundo.

"Alamu, musamasule!"

"Manyazi a chiyani? Pochita munalibe manyazi!"

Phuu! Chivindikiro chinaulukira kudenga, thobwa thoo kumaso kwa alamu, chigubu n'kugubuduzika mpaka kumapazi a wapolisi. 

Bambo wina wa suti amene anaima kuseri kwa zitenje anafunsa mwaulemu, "Achira? Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Alamu ananyambita milomo. "Ndi wamawere, bambo. Koma shuga wachepa."

Wapolisi anaseka mpaka kukhala pansi. Atapezako mpweya anati, "Mayi, zakudya timangosunga pageti. Potuluka mukanatenga chigubu chanu."

Banja langa linapulumuka, koma dzina linapita. Ku Mkanda palibenso amene amanditchula Make Tadala. Ngakhale amuna anga akaimba kuchokera ku Joni amayamba ndi kuti, "Muli bwanji Amake Thobwa? Nanga wakhandayo akukula?"

Nzeru za pa boda zizithera pa boda pomwepo.